Masekondi Asanu ndi Awiri

Ndinaigula chiwalochiwalo.
Bolodi mu Malichi, ku Crown Mines.
Purosesa mu Juni, pa kashopu ka ku Fordsburg
kwa mwamuna amene analumbira kawiri ndisanamufunse.
Ramu ziwiri nditagulitsa jekete langa lachikopa,
dzinja la Joni lili pakati.

Lachisanu usiku ndinamanga sikuluu yomaliza.
Ndinakasamba m'manja, sindidziwa chifukwa chake.
Ndinadina batani.

Mafani anadzuka, fuu,
kanyali kofiira kanaphethira pa bolodi,
ndinayamba kuwerenga chamumtima,
pofika pa zisanu ndi ziwiri: zii.
Kenako yokha, osaikhudza munthu,
fuu.
Zii.
Fuu.
Sikirini ili bii, ngati pakamwa pa mgodi wotsekedwa.

Ndinayamba ndanamizira magetsi a mzinda uno,
poti nawo amabwera ngati mlendo wangongole,
koma firiji inkang'ung'udza bwinobwino pakona.
Ndinazula ramu imodzi. Ndinaisamutsira mpata wina.
Ndinachotsa kabatire kaja kofanana ndi khobidi,
n'kukafumbata mphindi zisanu
kuti makina aiwale chimene chawakwiyitsa.
Sanaiwale.
Ndinavula zonse, nthambo ndi nthambo,
n'kugoneka bolodi pa katoni yake
ngati wodwala pa tebulo la dokotala.
Fuu. Zii.

Nthenda iyi ndikuidziwa.
Masiku makumi atatu akamatha
ndimakwera basi pa Park Station,
usiku wonse mpaka Beitbridge,
chidindo phwa! m'pasipoti,
ndatembenuka.
Kuyamba, kuyambanso,
osafika pa tsamba loyamba la zimene ndinadzera.
Chaka chachinayi chino.

Ndipo ukwati wa mwana wa a Nkhalamba uli m'kamera,
maola asanu ndi limodzi a kuvina ndi kufupa.
Ndinalandira kale theka.
Ndinadya kale theka.

Cha m'ma fili koloko Bwanali anakankha bulangeti.
Bwanali ndi telala, timagawana chipinda kuno ku Mayfair,
mzere wa choko pansi ndiwo malire athu.
Za kompyuta sadziwa, foni yake n'ja mabatani.
Anaima, n'kumvetsera kuyaka ndi kuzima kuja
mutu atapendeka.
"Achimwene," anatero,
"makina akamadula ulusi malo amodzimodzi
sititukwana nsalu.
Timayang'ana singano."

Ndinamasula chozizitsira, phala lake lotuwa lili mbuu m'zala.
Ndinanyamula purosesa.
Pansi pake, m'kuwala kwa tochi ya foni,
munda wa timapini, toposa chikwi,
tonse taweramira kumodzi ngati mpunga pamphepo,
kupatula kamodzi.
Kagona chammbali, katsamira mnzake.

Si wa ku Fordsburg uja.
Ndine.
Chala changa chomwechi, madzulo aja,
chikunjenjemera ndi chimwemwe.

Bwanali anavala magalasi ake omanga ndi ulusi,
anasolola singano pa kolala ya malaya.
"Gwirani tochi. Musapume."
Kunja tekisi yoyamba inayamba kuliza hutala,
wina ankakoka ngolo ya mabotolo mumsewu,
ife tili duu,
amuna awiri akuluakulu
kuweramira kachitsulo kochepa kuposa nsidze.
Anakanyengerera, osakakamiza,
monga amachitira ndi zipi ya diresi laukwati.
Kanadzuka.

Ndinabwezera zonse. Ramu inalira kuti kha, mbali zonse ziwiri.
Batani.
Fuu.
Zisanu. Zisanu ndi chimodzi. Zisanu ndi ziwiri.
Zisanu ndi zitatu.
Sindinawerengepo mpaka apa.
Kaphokoso kamodzi, kafupi, ngati mwanapiye,
ndipo zilembo zoyera zinatuluka mumdima.

Bwanali anabaya singano yake pa kolala,
nakatenga mkeka wake wa swala.

Makina anali ataiwala tsiku,
ankayesa kuti ndi Januwale wa chaka china chakale.
Anandifunsa.
Ndinalemba deti la lero, manambala onse bwinobwino,
ndipo ndili mkati molemba ndinawerenga:
kwatsala masiku anayi.