Dzanja Lamanzere la Neuza

Lachiwiri lililonse ndimakwera boti la folo koloko
kuchoka ku Niterói, chikwama cha zipangizo pamaondo,
kukakonza piyano ya ku bala kwa Aristides, ku Lapa.
Chinyezi cha mzinda uno chimadya mawaya ngati chiswe.
Ndimakunga, ndimatchera khutu, ndimakunganso.
Ntchito ikatha sindipita.
Ndimaitanitsa khofi wopanda shuga
n'kukhala pafupi ndi khomo la kukhitchini, kudikira Neuza.

Ndinamudziwa kale, zala zake zikadali mphenzi.
Masiku amenewo sankatsegula pakamwa.
Ankangolowa, kuvula mphete, kuziponya m'mbale ya phulusa,
kenako jazi,
dzanja lamanja likuthamanga ngati mwana wothawa jakisoni,
wang'oma thukuta kamukamu pomulondola,
nyimbo imodzi mphindi khumi ndi zisanu.
Makiyi atatu akumtunda ndinkawasintha chaka ndi chaka.
Mlendo wina atamupempha kanyimbo ka bosa nova
anamuyang'ana ngati wamupempha ngongole.
"Zimenezo n'za m'mahotela," anatero,
"zogonekera anthu okhuta."

Ndiye kunabwera m'mawa uja wa Ogasiti.
Tambula inagwa m'manja.
Sitiroko, anatero adokotala.
Dzanja lamanja linabwerako kuchipatala lili mlendo,
zala ziwiri zomvera, zitatu zamakani.
Miyezi isanu ndi inayi piyano inali chitsekere,
ine ndikukungabe Lachiwiri,
poti Aristides ankalipira ndipo chifukwa chake sankanena.

Usiku umene anabwerera tinalipo khumi ndi mmodzi,
kuwerengera ndi wotsuka mbale.
Anaika lamanzere pa makiyi akumunsi
n'kuyamba kayendedwe kaja kotsimphina mwadala,
kochedwa pang'ono, ngati mnzako wodziwa kuti umudikira.
Pomwe lamanja linayenera kulowa panali dzenje.
Tonse tinalimva dzenjelo.
Aristides anayamba kupukuta tambula youma kale.

Neuza anakokera maikolofoni kufupi
nayimba.

Mawu ake si okoma, ndisaname.
Muli mchenga, muli zaka makumi atatu za fodya,
ndipo amafika mochedwa, cham'mbali,
ngati munthu wolowa m'tchalitchi mapemphero atayamba.
Sankakuwa. Ankanong'ona,
ngati akuuza piyanoyo chinsinsi ife tikungobera.
Nyimbo zomwe zija ankazinyoza,
zomwe woyendetsa takisi aliyense amaimba ndi likhweru,
anazitola chimodzichimodzi ngati zovala za malemu
n'kupeza kuti zikumukwana.

Tsopano papita zaka zinayi.
Alendo amadzaza mipando, amapempha zomwezomwezo,
iye amawapatsa osadandaula.
Koma ine ndimayang'ana dzanja lamanja.
Pakati pa ndime, mpweya ukamuthera,
zala ziwiri zija zimazemba,
zimaba tinthu ta jazi kumtunda kuja, titatu, tinayi,
n'kubwerera pantchafu ngati sizinachite kanthu.
Alendo saona. Wang'oma amaseka yekha.

Mwezi watha anandipeza ndisanatseke chikwama.
"Osmar," anatero, "kiyi iyi," n'kuigogoda ndi chala chabwino,
"itsitseko pang'ono. Pang'ono basi.
Mawu anga safika pamenepo,
ndipo ndatopa kumva piyano ikunditsutsa pagulu."

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu pa ntchito imeneyi
sindinasiyepo waya wokhota.
Bambo anga akanandimenya ndi sipanala.
Ndinamuuza choncho.
Anandiyang'ana, osayankha, akusisita zala zitatu zija.

Ndinatsegulanso chikwama.

Usiku umenewo atafika pa kiyi ija
mawu ndi waya zinakumana, zonse zopendekeka,
ngati nkhalamba ziwiri zogwirana pokwera masitepe.
Ndinakhala mpaka nyimbo yomaliza,
mpaka mipando itakwezedwa pamatebulo.
Boti lomaliza linandisiya.
Ndinadikira basi yodzera pamlatho, mvula ikuwaza,
ndikung'ung'udza kanyimbo kaja
motsika pang'ono.