Metikali Khumi Pakhomo

Kuseri kwa msika wa Ulongwe,
pomwe matumba a kachewere amathera,
Zefaniya ali ndi chisakasa cha malata,
mabenchi asanu ndi jenereta yodwala chifuwa.
Lachisanu anaika kanema wa atolankhani a kunkhondo.
Ndinalipira metikali khumi, n'kukhala kumbuyo
pafupi ndi mayi Erimelinda ogulitsa kabichi.

Atolankhaniwo anali atatu:
wamtali, chisoti chachitsulo chikumugwera m'maso,
mkazi wa pakamwa ngati kondakitala,
ndi wonenepa wina wotsekula m'mimba
amene mfuti ikangolira ankafunsa kuli chimbudzi.
Chizungu chawo sitinachimve,
koma Zefaniya ankamasulira ataima pambali,
n'kumathirako mchere wake:
"Akuti abale inu, ndinadzera kujambula, osati kufa!"
Malata anagwedezeka.
Anyamata a njinga zamoto anamenya mabenchi.
Inenso ndinaseka mpaka kutsamwa.

Kenako galimoto yawo inaima pa mlatho.
Dalaivala, mnyamata wa dziko lomwelo
amene kanema sanamupatse dzina,
anatsika kukaona tayala.
Anaponda posapondeka.
Zefaniya anatsekula pakamwa, n'kutsekanso.
Jenereta yokha ndiyo inkayankhula.

Titatuluka, Atanaziyo, mwana wa mlongo wanga,
uja amaphunzira ku Tete,
anati: "Kanemayu sakudziwa chomwe akufuna.
Nkhondo si nthabwala.
Asankhe chimodzi, kutiseketsa kapena kutiliza."

Mayi Erimelinda anamanga bwino chitenje.
"Iwe unabadwa mfuti zitagona.
Usiku womwe tinkathawira ku Dedza
amuna anga anasenza chitseko, n'kusiya mbuzi.
Chitseko, mwanawe!
Tabisala m'bango pa Lifidzi, asilikali akudutsa,
iwo ali gwa, achikumbatira ngati mkazi wachiwiri.
Ndinaluma nsalu kuti ndisaphulike ndi phwete.
Kutacha anabwerera kukatenga mbuzi zija.
Chitsekocho ndili nacho mpaka lero."

Atanaziyo anayang'ana nsapato zake.

Ine dandaulo langa lili pena.
Kuseka anakuika pamalo pake,
pafupi ndi mantha, pomwe kumakhaladi.
Koma kulira anakupatsa wolakwika.
Wonenepa uja analira m'ndege mphindi zisanu,
zoimbira zikulira naye,
pamene dalaivala anangotsala utsi ndi nsapato imodzi,
ndipo palibe anapita kukauza amake.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, pamalire,
mzungu wina anandilozetsa kamera.
Mphuno yake inali itasupuka ndi dzuwa
ngati mbatata yootcha.
Ndinaseka, ndinasekanso.
Iye anatsitsa kamera, n'kudikira
mpaka njala itabwerera pankhope panga,
ndiye n'kujambula.
Kaya chithunzicho chinakafika kuti,
koma amene anachiona
sadziwa kuti mwana uja anali ndi mano onse
ndipo anali atangomaliza kuwaonetsa.

Zefaniya anathira petulo mu jenereta,
n'kukuwa kuti gulu lachiwiri lilowe.
Mayi Erimelinda anamasula mfundo ya nsalu,
n'kuwerenganso makobili m'manja.
"Ndikufuna ndimuonenso wa chimbudzi uja," anatero.
"Akafika pa mlatho undikodole,
ndikaone ngati kabichi wanga sanabedwe."