Mabuleki

Potsika chitunda cha Kanjala
ndi matumba awiri a nshawa kumbuyo,
njinga imafuna kuuluka.
Ndimaikaniza. Zala ziwiri basi,
pang'ono pang'ono:
ukafinya mwaukali, ugwa chamutu.

Lero ndagulitsa zonse, Ambuye.
Ndalama zikutentha m'thumba la malaya
ngati khala la moto.
Ku Kapata, Yokoniya wandikodola pakhomo la bala:
"Limodzi lokha, mlamu, lotsitsira fumbi kukhosi."
Limodzi limenelo ndimalidziwa.
Chaka chatha linabala asanu ndi awiri,
linameza feteleza
ndi nsapato za kusukulu za Tikambenji.

Sindine woyera. Malovu adzaza m'kamwa.
Ndaima, phazi limodzi pansi,
lina pa pedulo.

Inu amene munakana mkate m'chipululu
muli ndi njala ya masiku makumi anayi,
ikani zala zanu pa zanga.
Ludzuli musandichotsere ayi;
ndiphunzitseni kuligwira.

Ndagula maheu, ndi shuga wa kunyumba.
Yokoniya akuseka. Aseke.
Kwathu ku Chiparamba n'kutali,
ndipo kutsogoloku kuli chitunda china
choti nditsike kusanade.