Mchenga wa Pulasitala

Mchengawu sunali wa nkhuku.
Unatsika pa lole ya a Munyenyembe zaka ziwiri zapitazo,
wamumtsinje, wotsukika, wolira ukaupotokola m'manja,
ndipo iwe Chawanangwa unakwera pamwamba pa muluwo
n'kuloza khoma lathu la njerwa zamaliseche:
"Ndikangofika ku Joni, simenti ikubwera."

Simenti sinabwere.
Inabwera ndi mvula ya kuno ku Mzuzu,
mlendo wosadziwa kutsanzika,
yamawawa m'mawa, yamkuntho masana,
usiku nkhungu n'kutsika ku Kaning'ina
kudzagona pa malata athu muno m'Chiputula.

Kuseri, khola linasanduka phala.
Katondo, madeya ndi zitosi, zonse mphika umodzi.
Ndinayesa utuchi wa kwa kalipentala,
unamwa madzi n'kuyamba kununkha ngati chilonda.
Thadzi lamawangamawanga lija linkayenda
litavala timipira tamatope kuzala,
kukoka mwendo ngati munthu wangongole.
Anapiye atatu ndinawatola m'mamawa
ali gwaa, ozizira ngati makiyi.
Mayi a kuseri kwa mpanda anasiya kundipatsa moni,
ankangokhosomola mokweza.

Ndiye Lachiwiri lina ndinabwereka wilibala.
Fosholo yoyamba ndinaitapa ngati ndikuba m'thumba lako.
Yachiwiri inapepuka.
Walusungu anagwira chogwirira chimodzi, ine chinacho,
tayala likulira njira yonse yozungulira nyumba
ngati likukakuuza.
Maulendo khumi ndi anayi.
Tinathira mpaka kubisa chikhatho choimika,
n'kusiya potsetsereka kuti madzi apeze njira yawo.

Ukanaona, iwe.
Tambala anaponda kamodzi, n'kuima,
kuyang'ana pansi ndi diso limodzi
ngati waona ndalama.
Kenako onse, kupalasa, kukumba timaenje,
kugona chammbali, kudzithira mchenga m'mapiko,
kukutumula utitiri wa miyezi itatu.
Mvula inagwanso madzulo ake,
inangolowa pansi osasiya mawu.

Tsopano m'mawa uliwonse ndisanapite ku msika
ndimalowa ndi sefa ya waya wa pazenera,
zenera lomwe lija sitinaikebe.
Ndimapeta ngati mpunga.
Mchenga ubwerera kwawo, zitosi zouma zitsala,
ndikazithira ku mpiru ndi ku tanaposi.
Mwezi wa Juni mchengawo umazizira ngati mwala,
ndimawayalira udzu pakona kuti zala zisafe.
Dzuwa la Okutobala likauwotcha
ndimawaza madzi otsukira mbale.
Nawonso uli ndi nkhani zake, si mngelo.

Umafunsa pa foni, mawu ako akudukaduka:
"Mchenga uja ulipo?"
Ndimati ulipo.
Sindinama.
Mulu unatsika mpaka m'mawondo,
pamwamba pake pamera chisoso,
galu wa eni ake amagonapo masana,
koma palibe kambewu kamene katuluka pa geti.

Dzulo kunabwera achimwene ako a ku Ekwendeni
kudzaona ngati khoma likadali chilili.
Ndinawaphera msoti.
Pong'amba nthutumba, mpeni unalira,
ndipo m'katimo, pakati pa gaga wopereka,
munali mchenga wako,
woyera, wosalala m'mphepete,
utagwira ntchito ya mano
kwa mbalame yobadwa yopanda mano.

Ndinautsukira m'beseni, n'kuuyang'ana nthawi yaitali.
Supuni imodzi ya chipinda chathu chochezera.
Nthutumbayo anadya ndi alamu, monga mwa mwambo,
n'kunena kuti nkhuku za m'tauni zayamba kukoma.

M'chitini cha pamwamba pa kabati
muli ndalama za mazira.
Walusungu anawerenga usiku, kawiri:
zikukwana matumba atatu a simenti,
kutsala ya wokankha njinga.
Khomalo likufuna khumi ndi awiri.

Ukabwera, bwera ndi nsapato zotseka,
mvula yayambanso.
Ndipo usadzafunse za mchenga uli pakhomo.
Dzazungulire kuseri,
udzawapemphe eni ake.