Chala pa Galasi

Amisiri anapita Lachinayi.
Anaphwasula mitengo yokwerera, nakweza mawilibala pa lole,
akuti kwapezeka ntchito ina ku Kanengo.
Anatisiyira nyumba ya nsanjika zitatu kumtunda kwa Lingadzi
yokhala ndi maso makumi anayi ndi awiri,
onse a manthongo.

Ine ndi Esinati tinalawirira, ndowa kumutu,
lezala m'thumba, nyuzipepala zakale m'khwapa.
A Kafumbata, akapitawo, anatiwerengera mawindo ngati mbuzi za eni:
"Mukakanda limodzi, ndidula pa malipiro."
Sanatiuze kuti galasi limodzi
n'lodula kuposa lendi yanga ya ku Mgona ya miyezi itatu.
Tinazimva kwa mlonda.

Simenti ikauma pa galasi imaiwala kuti inali madzi.
Ukaipala youma, mchenga wake umalemba mzere
woti sudzafufutika mpaka nyumba idzagwe.
Uinyowetse kaye. Uinyengerere ngati mwana wokana phala.
Dikira. Nyowetsanso.
Koma dzuwa la Okutobala limamwa madziwo
usanatembenuke n'komwe,
ndipo mpope wa pano ukungotsokomola mphepo kuyambira dzulo.
Madzi tikugula kwa mnyamata wa njinga,
chigubu chilichonse tikuchiwerengera madontho.

Penti ali ndi khalidwe lake.
Amafuna palafini, palafini n'kusiya mafuta,
mafuta n'kufuna sopo, sopo n'kusiya mizere,
mizere n'kufuna nyuzipepala.
Ndapukuta ndi zigoli za chaka chatha,
ndi mitengo ya feteleza, ndi nkhope za omwalira, Mulungu andikhululukire.
Zomata za ku fakitale ndiye mfiti zenizeni:
pepala limachoka, ulimbo n'kutsala
kudikira fumbi.

Ndipo fumbi la Lilongwe silichedwa.
Lole ya mchenga ikangodutsa kumunsiku,
kamvuluvulu akangovina pa puloti yoyandikana,
windo lomwe ndinamaliza nthawi ya tiyi
lafiira kale ngati silinandionepo.

Makwerero ndi a bulugamu, misomali ili panja.
Esinati amagwira pansi, ine pamwamba,
chitenje ndamanga ngati thewera.
Sindiyang'ana pansi. Ndimayang'ana kutsogolo,
ndiye ndimakumana ndi mayi wina m'galasimo,
wotuwa, nsidze zoyera ndi laimu,
akupala nkhope yanga, ine ndikupala yake.

Masana mpheta inabwera chothamanga
n'kudziwomba pa windo lachisanu ndi chinayi, phu!
Inagwa, inakhala kaye pa njerwa yazunguzika, kenako n'kuuluka.
Esinati anaseka mpaka makwerero kugwedera:
"Mwakhoza mayeso, achemwali. Mbalame yasaina."
Ntchito yathu ndi yotere,
ukaigwira bwino palibe chooneka.

Pa windo lomaliza, pamwamba, pakona ya kumanzere,
ndapeza chala chachikulu chodindika m'simenti,
timizere take tonse tili mbee ngati munda wolima kumene.
Mwina n'cha Yotamu, uja ankapulasitala akuimba za kwaya,
kapena cha mnyamata uja anagwa pa nsanjika yachiwiri
n'kubwerera kwawo ku Nathenje ndi ndodo.
Sindikudziwa.
Mwezi wamawa muno mudzakhala makatani ndi makompyuta,
anthu onunkhira adzaima apa ndi kapu m'manja
kuyang'ana mitambo ya mvula ikusonkhana cha ku Bunda,
osafunsa kuti panadutsa manja angati
kuti iwo aone kunja.

Ndachinyowetsa chalacho. Lezala ndaigwira.
A Kafumbata akukuwa pansi kuti kwada, tikasowa minibasi.
Ndachizungulira bwinobwino,
monga umachitira ndi dzungu lomera lokha pakati pa mzere,
n'kutsika.

Kuti achione, akwere okha makwerero athu aja,
ndipo nsapato zawo n'zoterera.