Kabokosi ka Amalume a Zuze

Kanafika ku Bangula m'thumba la feteleza
chaka chomwe njanji inayamba kumera udzu.
Amalume a Zuze anakagula kwa dalaivala wa ku Beira,
mtengo wake mbuzi yaikazi
ndi malipiro a mwezi wathunthu wodula nzimbe ku Nchalo.
Akazi awo anakhala masiku anayi osawalankhula.

Kabokosi kotuwa, kopepuka ngati chikho,
zingwe ziwiri zili lende,
kaseti yachikasu ya zilembo
zomwe ngakhale aphunzitsi a Fombe anangozipukusira mutu.
Magetsi kunalibe.
Batire ndinkalitengera kuchigayo pa njinga,
pobwera dzuwa lili paliwombo, malaya ali nyowe.

Kakakana kuyaka tinkauzira kasetiyo
monga pouzira nkhuni zaziwisi,
kenaka pa kanema wopanda mitundu
pankatulukira kamunthu ka makonamakona,
kolumpha maenje, kosatopa, kosamva ludzu.
Kanali ndi miyoyo itatu.
Kakagwa m'dzenje kankadzuka pomwepo,
popanda wolira, popanda wokumba manda.

Pakhomo munthu ankalipira masawu odzaza dzanja
kapena nyika ziwiri zowiritsa.
Mwezi wa Okutobala kabokosi kankatentha thupi,
ife n'kukafunditsa kansalu konyowa
ngati mwana wa malungo.
Esinta, amene tinkamuletsa kugwira,
tsiku lina tili kudambo anawoloka mlatho wotsiriza yekha.
Sitinamukhulupirire mpaka lero.

Ndiye Ruo ndi Shire anapangana usiku wina wa Januwale.
Amalume anatikweza padenga la sukulu mmodzimmodzi,
natiwerenga, nabwerera mumdima.
Ena amati ankatsata mbuzi,
ena amati kabokosi.
Tinadikira pa malata kufikira kucha,
maso ali pamadzi,
monga tinkadikirira kamunthu kaja.
Iwo anali ndi moyo umodzi.

Madzi ataphwa, m'matope a m'munda wa nthochi
ndinatola kogwirira kamodzi, chingwe chitaduka.
Ndikadali nako m'chitini cha mabisiketi.
Mwana wanga Jofesi, wa magemu zana m'foni,
anandifunsa dzulo kuti n'chiyani.
Ndinayamba kufotokoza, koma mawu anathawa,
chala chachikulu chokha
chikudina batani lofiira lodzaza mchenga:
lumpha, lumpha.