Phazi Limodzi

Lamulungu ku Kanengo mafakitale ali zii,
phula ndi lathu, ife ndi galu wa mlonda.
Thabwa ili ndinaligula pa kaunjika ku Tsoka,
tayala limodzi limalira ngati chitseko cha kwathu ku Mchesi.

Zione akuti: phazi lakumbuyo limenye mchira,
lakutsogolo likhule thabwa, lipatukire kumbali,
chala chimalize nkhani.
Pakamwa n'zosavuta.
Thabwa limauluka, inde,
koma kukagwa chagada uko,
ine kuno, nditagwira msongolo.

Kamakumi anayi lero.
Nsapato yakumanzere yabooka.
Mayi akafunsa.

"Ukulithawa," akutero Zione, nzimbe ili kukamwa.
"Mapewa ako akunyamuka osatsanzika.
Khala pamwamba pake. Lidikire."

Ndadumphanso.
Lagudubuka m'malere pansi panga,
kundionetsa mimba yake yokalikakalika,
kenako msana,
ndipo phazi latera, pha!

Limodzi lokha.
Linalo lili pa phula, lamantha.

Mlonda waseka, wabwerera ku wailesi yake.
Kumsewu kondakitala akuitanira minibasi yomaliza.
Zione walavula zitsotso.
Ine ndikukankhira thabwa pamalo pomwe paja.